Wahid Hasyim: Nduna Imene Sidalowepo m'Sukulu ya Atsamunda

Mu Disembala 1949, pamene Adatchi ankatula ulamuliro wa dziko la Indonesia m'manja mwa eni ake, nduna zambiri za boma latsopano zidali anthu ophunzira m'Chidatchi: maloya, madokotala ndi mainjiniya. Pakati pawo padali bambo wa zaka 35 amene adalibe satifiketi ya sukulu iliyonse ya boma. Dzina lake lidali Abdul Wahid Hasyim, ndipo adapatsidwa unduna wa zachipembedzo. Pa mpandowo adakhalapo zaka ziwiri ndi miyezi itatu yokha. Komabe mbiri yake ikukhudza funso limene aphunzitsife timalidziwa bwino: mwana amene wayambira maphunziro m'chinenero cha kwawo ndi m'sukulu ya kwawo, adzalowa bwanji m'maofesi a dziko lake?

Sukulu ya bambo ake

Wahid adabadwa pa 1 Juni 1914 ku Tebuireng, m'boma la Jombang, kum'mawa kwa chilumba cha Java. Bambo ake, a Hasyim Asy'ari, adali shehe wotchuka amene adatsegula sukulu ya Chisilamu yogonera pomwepo m'mudzimo mu 1899. Sukulu zotere kumeneko amazitcha pesantren. Mu 1926 a Hasyim Asy'ari ndi mashehe anzawo adakhazikitsa bungwe la Nahdlatul Ulama, mwachidule NU, limene lidasonkhanitsa mashehe a m'midzi ndi ophunzira awo.

Kaphunzitsidwe ka m'pesantren kadali ka zinenero ziwiri kuyambira kalekale. Mphunzitsi ankawerenga buku la Chiarabu mokweza, n'kumamasulira liwu ndi liwu m'Chijava, ophunzira ali kalikiliki kulemba tanthauzolo ndi tizilembo ting'onoting'ono kunsi kwa mzere uliwonse. Chijavacho ankachilemba ndi zilembo za Chiarabu, kalembedwe kotchedwa pegon. Motero mwana ankalowa m'chinenero chachilendo atatsamira pa chinenero chimene adayamwira.

Vuto lidali loti maphunziro amenewa ankathera pa mzikiti. Ntchito zabwino za boma zinkafuna Chidatchi, ndipo Chidatchicho chinkaphunzitsidwa m'sukulu zowerengeka za atsamunda, makamaka kwa ana a mafumu ndi a anthu ogwira ntchito m'boma. Mnyamata wa ku pesantren, ngakhale ataloweza malamulo onse a Chiarabu, akafika pa ofesi ya boma ankaonedwa ngati wosaphunzira.

Wahid adayamba kuphunzira kwa bambo ake, kenaka adakakhala kanthawi m'mapesantren a Siwalan Panji ndi Lirboyo. Zilembo za Chilatini adaziphunzira ali kale mnyamata, ndipo atazidziwa adayamba kuwerenga nyuzipepala ndi magazini, mpaka adadziphunzitsa Chidatchi ndi Chingerezi. Mu 1932 adapita ku Mecca pamodzi ndi mbale wake Muhammad Ilyas, amene nayenso adadzakhala nduna ya zachipembedzo mu 1955. Adabwerako mu 1933.

Atabwerera adapita kwa bambo ake ndi maganizo olimba. Iye adati ophunzira ambiri a ku Tebuireng sadzakhala mashehe, choncho n'kuwatayitsa nthawi kuwasunga zaka zambirimbiri pa mabuku akuluakulu a Chiarabu. Adafuna kuti oterowo aphunzire maziko a chipembedzo, kenaka apatsidwe maphunziro owathandiza pa ntchito. Bambo ake sadavomere kusintha sukulu yonse, podziwa kuti mashehe anzawo akadaukira. Adali ataona kale makolo ena akuchotsa ana awo ku Tebuireng pamene sukuluyo idayamba kuphunzitsa maphunziro a kunja kwa chipembedzo. Koma adamulola kutsegula kasukulu kake pambali.

Kasukuluko kadatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1930, dzina lake Madrasah Nizamiyah. Magawo 70 pa 100 alionse a nthawi yophunzira adali a masamu, mbiri, jogalafe ndi zinenero, ndipo 30 otsalawo adali a chipembedzo. Ana ankaphunzira Chiarabu, Chidatchi ndi Chingerezi, komanso chinenero cha dziko lonse chimene achinyamata omenyera ufulu adachitcha Chiindonesia mu 1928. Wahid adatsegulanso laibulale yokhala ndi nyuzipepala. Madrasayo idagwira ntchito mpaka 1938, chaka chimene iye adalowa m'ntchito za NU, kuyambira pa nthambi ya m'mudzi wa Cukir. Posakhalitsa adakwera n'kukhala woyang'anira gawo la maphunziro la bungwelo.

Nkhondo ndi malamulo a dziko

Ajapani adalanda Indonesia mu 1942. Adaletsa Chidatchi, ndipo Chiindonesia chidalowa m'sukulu ndi m'maofesi. Poyamba adatsekera m'ndende a Hasyim Asy'ari kwa miyezi ingapo chifukwa chokana kuweramira mfumu ya ku Japan. Pambuyo pake adaona kuti sangalamulire midzi ya ku Java popanda mashehe. Mu 1943 adalola kuti kukhazikitsidwe bungwe la Masyumi lophatikiza magulu a Asilamu, ndipo mu 1944 adaika a Hasyim Asy'ari kukhala mkulu wa ofesi ya zachipembedzo. Mkuluyo adali wokalamba ndipo adatsala ku Tebuireng. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ku Jakarta inkagwiridwa ndi mwana wawo. Umu ndi mmene Wahid adaphunzirira kayendetsedwe ka boma.

Mu 1945, nkhondo ikupita kumapeto, adasankhidwa kulowa m'komiti yokonzekera ufulu wa dziko. Adalinso m'gulu la anthu 9, pamodzi ndi Sukarno ndi Mohammad Hatta, amene pa 22 Juni adasaina chikalata chotchedwa Piagam Jakarta. Nthawiyo adali ndi zaka 31. M'chikalatacho mudali mawu 7 onena kuti Asilamu a m'dzikomo ayenera kutsata malamulo a Chisilamu. Wahid sadalekere pomwepo: mu Julayi adapempha kuti malamulo a dziko anene kuti pulezidenti akhale Msilamu ndiponso kuti Chisilamu chikhale chipembedzo cha boma.

Ufulu udalengezedwa pa 17 Ogasiti 1945. Madzulo a tsiku lomwelo Hatta adalandira uthenga woti Akhirisitu a kuzilumba za kum'mawa sakadalowa m'dziko lokhala ndi malamulo otere. Mmawa mwake, pa 18 Ogasiti, mawu 7 aja adachotsedwa, pamodzi ndi mfundo yoti pulezidenti akhale Msilamu. M'malo mwake mudalembedwa chikhulupiriro mwa Mulungu mmodzi, osatchula chipembedzo. Zimene Wahid adalimbikira zidagwa tsiku limodzi. Iye sadanyanyale. Adalowa m'boma loyamba la Sukarno ngati nduna yopanda unduna wakewake, ndipo adakhalabe kumbali ya boma pa zaka zinayi zolimbana ndi Adatchi amene ankafuna kubwerera.

Pa 3 Januwale 1946 boma lidakhazikitsa unduna wa zachipembedzo, nduna yoyamba ali H. M. Rasjidi. Ambiri adauona undunawo ngati chipukutamisozi kwa Asilamu chifukwa cha mawu amene adachotsedwa aja, ngakhale udalinso ndi zigawo zoyang'anira Akatolika ndi Apulotesitanti. A Hasyim Asy'ari adamwalira mu Julayi 1947, ndipo Wahid adatenga utsogoleri wa Tebuireng mpaka pamene adaitanidwa ku unduna.

Pa mpando wa unduna

Wahid adakhala nduna ya zachipembedzo m'maboma atatu otsatizana: la Hatta kuyambira pa 20 Disembala 1949, la Mohammad Natsir kuyambira mu Sepitembala 1950, ndi la Sukiman kuyambira mu Epulo 1951. Ntchito yaikulu imene adagwira idali ya sukulu, ndipo idali ya mbali ziwiri: kulowetsa chipembedzo m'sukulu za boma, ndi kulowetsa maphunziro a boma m'sukulu za chipembedzo.

Pa 20 Januwale 1951 unduna wake ndi unduna wa zamaphunziro adatulutsa lamulo limodzi lokhudza phunziro la chipembedzo m'sukulu za boma. Lamulolo lidati phunzirolo liziyamba m'kalasi 4, koma m'madera amene anthu ake ndi olimbikira zachipembedzo likhoza kuyamba m'kalasi 1. Linkaphunzitsidwa maola awiri pa sabata, pokhapokha m'kalasimo mukhale ana osachepera 10 a chipembedzo chimodzi, ndipo makolo avomereze. Kulemba aphunzitsi ntchito, kuwalipira ndi kukonza zoti aziphunzitsa, zonse zidali m'manja mwa unduna wa zachipembedzo.

Lamulo lokha silikadaphunzitsa mwana. Padafunika aphunzitsi odziwa chipembedzo komanso odziwa kuimirira kutsogolo kwa kalasi ya boma, kulemba pa bolodi ndi zilembo za Chilatini ndi kufotokoza m'Chiindonesia. Mashehe a m'midzi adali ndi nzeru zoyambazo, koma zachiwirizo ayi. Choncho undunawo udatsegula sukulu zophunzitsa aphunzitsi a chipembedzo, zotchedwa PGA, ndi zina zophunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi oweruza a m'makhoti a Chisilamu, zotchedwa SGHA. Pamwamba pa zonsezi padabwera koleji ya boma ya maphunziro a Chisilamu, PTAIN, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 34 la 1950 n'kutsegulidwa ku Yogyakarta mu Sepitembala 1951. Apa mwana wa ku pesantren adapeza makwerero: kuchoka kwa shehe wa kumudzi, kupita ku sukulu ya aphunzitsi, kufika ku koleji, n'kutuluka ndi satifiketi yovomerezeka ndi boma.

Kugwa kwake

Sizonse zidamuyendera. Makonzedwe a zombo zonyamula anthu opita ku Haji mu 1951 adasokonekera, anthu ambiri amene adakonzeka adalephera kunyamuka, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo adamudzudzula kwambiri.

Padalinso mkangano wakale m'chipani chake. Ufulu utabwera, Masyumi idasanduka chipani cha ndale cha Asilamu, ndipo NU idali m'kati mwake. Koma utsogoleri udali m'manja mwa anthu ophunzira m'Chidatchi monga Natsir. Pa msonkhano wa chipanicho ku Yogyakarta mu Disembala 1949, khonsolo ya mashehe idalandidwa mphamvu n'kusiyidwa ngati yopereka malangizo chabe. Mpanda womwe uja umene udalekanitsa ana a sukulu za atsamunda ndi ana a pesantren udaonekeranso m'chipani. Mashehe adapirira chifukwa unduna wa zachipembedzo udali udakali m'manja mwawo.

Mu Epulo 1952, pokonza boma la Wilopo, Masyumi idapereka undunawo kwa Fakih Usman wa bungwe la Muhammadiyah. Mashehe a NU, motsogozedwa ndi a Wahab Chasbullah, adati basi kwatha. Pa msonkhano wawo waukulu ku Palembang kumapeto kwa mwezi womwewo adagwirizana zotuluka mu Masyumi n'kukhala chipani paokha. Wahid, monga tcheyamani woyendetsa ntchito za bungwelo, adatsala ndi udindo womanga chipani chatsopano chimene chidali ndi anthu ambiri m'midzi koma ophunzira a masatifiketi ochepa.

Ntchitoyo sadaimalize. Pa 18 Epulo 1953, ali pa ulendo wopita ku msonkhano wa NU ku Sumedang, galimoto yake idachita ngozi ku Cimindi, pafupi ndi Bandung. Adamwalira tsiku lotsatira, pa 19 Epulo, ali ndi zaka 38, ndipo adaikidwa ku Tebuireng. M'galimotomo mudalinso mwana wake woyamba, Abdurrahman, wa zaka 12, amene adapulumuka.

Zimene zidatsala

Pa chisankho choyamba cha dziko lonse mu 1955, NU idakhala yachitatu: idapeza mavoti 18 pa 100 alionse ndi mipando 45. Mu 1964 boma lidalemba dzina la Wahid Hasyim pa mndandanda wa ngwazi za dziko.

Mawu amene adawamenyera m'malamulo a dziko sadabwererenso, ngakhale ena adayesa kuwabwezera kangapo. Sukulu ndi zimene zidakhalitsa. PTAIN idakula n'kukhala IAIN mu 1960, ndipo lero ndi yunivesite ya Sunan Kalijaga, imodzi mwa mayunivesite ambiri a boma a Chisilamu. Mu 1975 nduna zitatu zidasaina lamulo loti satifiketi ya madrasa ikhale yofanana ndi ya sukulu ya boma, malinga madrasayo ipereke magawo 70 pa 100 ku maphunziro wamba ndi 30 ku chipembedzo. Kagawidwe kameneka ndi komwe kaja ka kasukulu ka ku Tebuireng zaka 40 m'mbuyomo.

Mtengo wake udalipo. Mpaka pano Indonesia ili ndi sukulu za mitundu iwiri pansi pa maunduna osiyana, ndipo mamadrasa ambiri, poti si a boma, amadandaula kuti thandizo limawafika lochepa. Komabe makwerero aja adagwira ntchito. Mnyamata uja adapulumuka pa ngozi ya ku Cimindi adaphunzira m'sukulu wamba ndi m'mapesantren momwe, adatsogolera NU kuyambira mu 1984, ndipo mu 1999 adasankhidwa kukhala pulezidenti wachinayi wa Indonesia. M'mapesantren ambiri a ku Java ana akulembabe Chijava kunsi kwa mizere ya Chiarabu madzulo, m'mawa atakhala m'kalasi ya masamu yophunzitsidwa m'Chiindonesia.