Mkangano wa nduna wa 1964 ndi nkhondo ya ku Mozambique

Nduna za boma la Malawi monga Kanyama Chiume ndi Henry Masauko Chipembere, yemwe adayambira ntchito ya boma ku Domasi, zidadana ndi ubale wa Dr. Banda ndi Apwitikizi omwe gulu la Frelimo linkafuna kuwachotsa ku Mozambique. Zinkafunanso ubale ndi China. Banda adakana: Malawi alibe doko, ndipo katundu wake ankadzera njanji ya ku Beira.

Mkanganowo utakula, mu February 1965 gulu la Chipembere lidaukira Fort Johnston n'kulowera ku Zomba, koma lidapeza pantoni ya pa Liwonde ili tsidya lina la Shire, osafika n'ku Domasi komwe. Yatuta Chisiza, nduna ina yakale yomwe idaphunzira zausilikali ku China, adalowera ku Mwanza ndi zida mu 1967, ndipo adaphedwa komweko.