Paipi ya shanti kwa mwana wa madzi m'mutu: zovuta zake ndi zotsatira zake

Ubongo wa munthu umapanga madzi tsiku lililonse, ndipo mwa munthu wamkulu amakwana pafupifupi theka la lita. Njira yotulukira madziwa ikatsekeka, amadzadzana ndi kupanikiza ubongo. Matendawa ndi amene madokotala amawatcha hydrocephalus. Mwa khanda timawaona mutu ukamakula msanga ndi liwombo likamatupa. Ana ambiri kuno ku Africa amawadwala pambuyo pa matenda oumitsa khosi kapena matenda ena ogwira ubongo akangobadwa.

Chithandizo chofala ndi opaleshoni yoika shanti, kapaipi kofewa kochokera mu ubongo, kodutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu mpaka m'mimba, komwe thupi limayamwa madziwo. Valavu yake anaikonza John Holter wa ku America mu 1956 pofuna kuthandiza mwana wake. Kuno ku Malawi opaleshoniyi imachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Shanti sichiza matendawa, imangotsegulira madzi njira. Vuto lalikulu ndi kutsekeka: mwa ana 10 oikidwa shanti, 3 kapena 4 amafunikanso opaleshoni chaka choyamba chisanathe. Lachiwiri ndi tizilombo tolowa m'paipi, makamaka m'miyezi 6 yoyambirira. Zikatero madokotala nthawi zambiri amachotsa shantiyo, kupereka mankhwala, kenako kuika ina. Paipi ingathenso kuduka kapena kufupika mwana akamakula, kapenanso kutulutsa madzi mopitirira muyeso.

Zizindikiro zoti shanti yavuta ndi kusanza, kupweteka mutu, kugona kwambiri, kukomoka, maso kuyang'ana pansi, liwombo kutupanso, kutentha thupi, kapena khungu kufiira m'mene mwadutsa paipi. Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera kuti mwana akatentha thupi n'kusanza timati ndi malungo. Mwana wa shanti tisamugoneke pakhomo poyembekezera mawa. Tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo tiwauze achipatala poyambirira kuti ali ndi shanti, chifukwa paipi yotsekeka ingathe kupha m'maola kapena m'masiku ochepa.

Zotsatira zimadalira chimene chinayambitsa matendawa ndi msanga umene mwana anathandizidwira. Ambiri othandizidwa msanga amakula n'kuphunzira sukulu, pamene ena amachedwa kuyenda, kulankhula kapena kugwira zinthu m'kalasi. Kwa ana ena pali opaleshoni ya ETV, yoboola kanjira ka madzi m'kati mwa ubongo popanda paipi, imene Dr Benjamin Warf anaigwiritsa ntchito kwambiri ku Mbale m'dziko la Uganda. Madokotala ndiwo amaona ngati mwana angaiyenere.