Chipewa chopinda mbali imodzi cha asilikali a ku Australia

Amuna oposa 400,000 a ku Australia analembetsa usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pafupifupi 60,000 sanabwerere kwawo. Zipewa zimene anavala zinali zankhaninkhani, koma lero kupeza chimodzi chenicheni cha nthawi imeneyo ndi ntchito yaikulu. Zambiri zinathera m'matope a ku France ndi m'chipululu cha ku Palestine. Zimene zinabwerera kumudzi zinapitiriza kugwira ntchito, pakuti msilikali wopuma, makamaka uja boma linamupatsa munda, sakanataya chipewa chabwino dzuwa likuswa mtengo. Ankalima nacho mpaka kubooka pamwamba, ndipo chimene chaponyedwa m'bokosi njenjete zinkamaliza. N'chifukwa chake chipewa cha 1916 chikatulukira pa okushoni ku Sydney kapena ku Melbourne, otolera zinthu zakale za nkhondo amalimbirana.

Chipewachi, chimene eni ake amachitcha slouch hat, chinayamba dziko la Australia lisanakhale limodzi. Mu 1885 Colonel Tom Price anayambitsa gulu la asilikali a pa akavalo lotchedwa Victorian Mounted Rifles, n'kulisankhira chipewa chofewa, cha mphepete yaikulu yopindidwa mbali imodzi. Asilikali a ku Victoria ankapinda mbali ya kumanja, pamene madera ena ankapinda ya kumanzere. Kupindako sikunali kudzikongoletsa chabe: msilikali akanyamula mfuti paphewa pa perete, mfutiyo isamagunde chipewa. Chinapita ku nkhondo ya Mabunu ku South Africa pakati pa 1899 ndi 1902, ndipo mu 1903, madera aja atagwirizana kale kukhala dziko limodzi mu 1901, chinakhala chovala cha gulu lonse lankhondo. Lero chimapindidwa kumanzere.

Chipewacho ndi ubweya wa akalulu. Akalulu amene Thomas Austin anamasula pa famu yake pafupi ndi Geelong mu 1859 anaswana mpaka kusanduka mliri wowononga msipu, koma opanga zipewa anapezerapo mwayi. Amameta ubweya ku zikopa, amauuluzira pa chikombole, kenaka amaupsinja ndi madzi otentha mpaka utalukana wokha popanda ulusi ngakhale umodzi. Chipewa chimodzi chimadya zikopa za akalulu khumi kapena kuposerapo. Kampani yotchuka pa ntchitoyi inayambitsidwa ndi Benjamin Dunkerley ku Tasmania, inasamukira ku Sydney, ndipo kuyambira 1912 zipewa zake zimadziwika ndi dzina loti Akubra. Inapangira asilikali pa nkhondo zonse ziwiri.

Wotolera wodziwa ntchito yake sayamba ndi kusirira kunja. Amachitembenuza n'kutukula kachikopa ka m'kati kamene kamamwa thukuta. Pamenepo ndi pamene pamakhala chidindo cha wopanga, saizi, nthawi zina chaka, ndi chizindikiro cha muvi chosonyeza kuti ndi katundu wa boma. Zipewa zambiri za nkhondo yachiwiri zili ndi zilembo D ziwiri, muvi uli pakati. Akatero amayang'ana baji ya pa mbali yopindayo, ya dzuwa lotuluka, imene inayamba mu 1902. Mtundu wa 1904, wolembedwa kuti Australian Commonwealth Military Forces, ndi umene unavalidwa pa nkhondo zonse ziwiri mpaka 1949, ndiye baji yokha singakuuzeni ngati chipewa n'cha 1916 kapena cha 1943. Imangokuthandizani kugwira bodza: korona wa pa baji anasintha Mfumukazi Elizabeth atalowa ufumu, nkhondo zonse ziwiri zitatha kale, choncho wina akakuonetsani chipewa cha korona wa mfumukazi n'kumati chinali ku Gallipoli pa nkhondo yoyamba, bwezani ndalama m'thumba. Ndipotu pa 25 April 1915, tsiku limene anatsika pa gombe la Gallipoli, asilikali ambiri anavala makapusi a Chingerezi, osati chipewa chotchukachi.

Nsalu yozungulira chipewa nayo imanena zaka. Ya masiku ano ndi yopindidwa kasanu ndi kawiri, kuimira zigawo zisanu ndi chimodzi za dzikolo ndi madera otsalawo. Pa nkhondo yoyamba ambiri ankangomanga lamba wansalu wopanda mapindo. Pa yachiwiri ankasokerera pa nsaluyo kachigamba ka mitundu kosonyeza gulu la msilikaliyo.

Zimene otolera amazifuna koposa ndi za asilikali a pa akavalo, a Light Horse, zokhala ndi nthenga za emu, mbalame yaikulu yosauluka yonga nthiwatiwa. Nthengazi zimakumbutsa anthu za 31 October 1917, pamene akavalo anathamangira mizinga ya asilikali a Turkey n'kulanda zitsime za ku Beersheba, ku Palestine. Koma chiyambi chake si chaulemu chotero. Mwambowu unayamba mu 1891 ku Queensland, boma litatumiza asilikali kukathana ndi ometa nkhosa amene ananyanyala ntchito. Asilikaliwo akasowa chochita ankapikisana kuthamangitsa emu pa kavalo n'kuzizula nthenga. Mmodzi mwa maofesala a pa ntchito imeneyo anali Harry Chauvel, yemwe patapita zaka 26 ndiye analamula kuti akavalo alowe ku Beersheba. Ogulitsa sakonda kutchula za ometa nkhosawo, koma nthengazo zinachokera kumeneko.

Pamene pali ndalama, akathyali sasowa. Nthenga za emu n'zosavuta kupeza, mabaji akale alipo ambiri, ndipo zipewa zofanizira zimapangidwa za m'mafilimu ndi za pa zikumbutso. Munthu amatenga chipewa cha m'ma 1960, n'kuchiveka baji ya 1904, kuchipaka fumbi, basi mtengo wakwera. Komanso si chipewa chilichonse chopinda mbali imodzi chili cha ku Australia. Asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland amene anakamenya nkhondo ku Burma, ankavala zofanana nazo.

Chimene chimathetsa mkangano ndi dzina. Asilikali ambiri ankalemba dzina ndi nambala yawo ndi inki m'kati mwa chipewa, poopa kusinthana ndi anzawo. National Archives of Australia inaika pa intaneti mafayilo a asilikali a nkhondo yoyamba, ndipo aliyense angawawerenge kwaulere. Wotolera akalowetsa nambala ija amapeza msinkhu wa munthuyo, ntchito imene ankagwira asanalowe usilikali, dzina la mayi ake kapena mkazi wake, tsiku limene anakwera sitima, mabala ake, ngakhalenso chilango chimene analandira atachedwa kubwerera ku kampu. Chipewa chodyedwa ndi njenjete koma cha dzina lotsimikizika chimaposa mtengo chipewa chosalala chopanda mwini, ndipo ine ndikuona kuti otolerawo amalondola pamenepa. Mabanja ena akazindikira za agogo awo safunanso kugulitsa, amakapereka chipewacho ku Australian War Memorial ku Canberra, nyumba yosungira mbiri ya nkhondo imene inatsegulidwa mu 1941.