Ma cc angati? Mbiri ya kabokosi kamodzi pa fomu ya galimoto

Chaka chatha malume anga anatopa nako kugona pa mzere wa mafuta. Anagulitsa kagalimoto kawo kakale n'kuitanitsa Nissan Leaf yoyendapo kale kuchokera ku Japan. Tsiku lokonza mapepala ndinawaperekeza, poti kwathu ukangopita ku yunivesite basi wasanduka womasulira mafomu wa banja lonse. Mnyamata amene ankawathandiza anafika pa kabokosi kena n'kufunsa, maso ali papepala: "Akulu, injini ndi ma cc angati?"

"Ilibe injini imeneyo, ndi yamagetsi," anatero malume.

"Eya, ndamva. Koma ma cc ake ndi angati?"

Tinaseka, iyenso anaseka. Komatu funso lake silinali lachibwana. Kabokosiko kanalipodi, kakudikira nambala, ndipo kuno msonkho wa galimoto yolowa m'dziko wakhala ukuyendera zaka zake ndi kukula kwa injini. Ma cc ndi muyeso wa malo a m'kati mwa masilinda, momwe mafuta amapsera n'kukankha mapisitoni. Galimoto ya malume ilibe silinda ngakhale imodzi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti kodi zinayamba bwanji kuti boma lizidziwa galimoto poyeza mimba ya injini yake. Kufufuzako kunanditengera ku Britain, komwenso kunachokera chizolowezi chathu choyendetsa kumanzere. Kumeneko ndinapeza kuti galimoto ya petulo, imene lero ikuoneka ngati mwini mudzi, nayonso inafika ngati mlendo n'kupeza malamulo olembedwera wina.

Mu 1865 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la makina oyenda pamsewu. Nthawiyo makina otere anali zimphona zoyendera nthunzi, zaphokoso, zoopseza akavalo. Lamulolo linati aziyenda mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, azikhala ndi anthu atatu, ndipo mmodzi aziyenda pansi kutsogolo, mayadi 60, atanyamula mbendera yofiira. Za mbenderazo anazifewetsa mu 1878, koma liwiro linakhala lomwelo. Ndiye galimoto zing'onozing'ono za petulo zitayamba kulowa kuchokera ku Germany ndi France, lamulo linalibe dzina lina loti lizitchule. Linaziika m'gulu lomwelo la zimphona za nthunzi.

Mu Januwale 1896, Walter Arnold ankayendetsa galimoto yake ku Paddock Wood, m'chigawo cha Kent, pa liwiro la mamailosi 8 pa ola. Wapolisi anamuthamangitsa pa njinga yakapalasa, n'kumugwira. Tangoganizani, wa kabaza wa lero akanamupitirira akuimba belu. Arnold analipira chindapusa, ndipo amakumbukiridwa ngati munthu woyamba ku Britain kulangidwa chifukwa chothamangitsa galimoto. Mu Novembala chaka chomwecho lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito, galimoto zopepuka n'kupatsidwa gulu lawolawo, ndipo eni ake anakondwerera poyenda ulendo wochokera ku London kupita ku Brighton.

Apa pali chinthu chimene ambiri aife sitinauzidwe: pa nthawiyi galimoto yamagetsi inalipo kale, ndipo sinali yotsalira. Mu 1897 mumzinda wa London munayamba kuyenda matakisi amagetsi a Walter Bersey. Mu 1899 ku France, Camille Jenatzy wa ku Belgium anakhala munthu woyamba kupitirira makilomita 100 pa ola pa galimoto, ndipo galimotoyo inali yamagetsi. Chinaigwetsa n'chiyani? Mabatire anali olemera, osafika patali, ndipo kumidzi kunalibe kotchajira. Kenako mu 1908 Ford anatulutsa Model T yotsika mtengo, ndipo mu 1912 Cadillac anaika sitata yamagetsi, moti kuliza injini ya petulo sikunafunenso kupukusa chitsulo ndi dzanja. Petulo anapambana pa nthawi yomwe maboma ankalemba malamulo okhalitsa a pamsewu. Ku Britain kulembetsa galimoto ndi kuika nambala kunayamba pa 1 Januwale 1904. Mafomu anakula pamodzi ndi injini ya petulo, n'kutenga maonekedwe ake.

Msonkho ndiwo unazika mizu kwambiri. Kuyambira mu 1910 boma linkawerengera mphamvu ya galimoto pogwiritsa ntchito njira ya bungwe la Royal Automobile Club. Njirayo inkangoona zinthu ziwiri: kutambalala kwa pisitoni ndi kuchuluka kwa masilinda. Kutalika kwa ulendo wa pisitoniyo m'silinda sinkakuwerengera. Kuyambira mu 1921 mwini galimoto ankalipira paundi imodzi pachaka pa hosipawa iliyonse yopezeka mwa njirayi. Model T, yokhala ndi masilinda otambalala, inkalipira mapaundi 23, pomwe kagalimoto ka Austin Seven, kamene kanatuluka mu 1922, kankalipira mapaundi 8 okha. Opanga galimoto ku Britain anaona pothawira: anayamba kupanga injini za masilinda opyapyala koma aatali. Kwa zaka zoposa 20 maonekedwe a injini za dziko lonselo ankatsatira masamu a wokhometsa msonkho.

Njirayi anaisiya mu 1947 n'kuyamba kuwerengera ma cc, ndipo chaka chotsatira anaika msonkho umodzi wofanana. Ma cc anadzabweranso pambuyo pake, moti mpaka lero galimoto zolembetsedwa ku Britain isanafike Malichi 2001 zimalipira malinga ndi kukula kwa injini. Zolembetsedwa kuyambira pamenepo anayamba kuziyeza ndi mpweya woipa umene zimatulutsa. Muyeso uliwonse mwa itatuyi, hosipawa ya masilinda, ma cc ndi utsi, ukaupititsa pa galimoto yamagetsi umabwerako ndi ziro.

Nanga za kuyeza ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, zimene kuno timati COF? Abale athu okhala ku Britain amazidziwa ndi dzina loti MOT. Mayesowa anayamba mu 1960, Ernest Marples ali nduna ya zamtengatenga, ndipo poyamba ankakhudza galimoto zopitirira zaka 10 zokha. Ankayeza zinthu zitatu basi: mabuleki, nyali ndi chiwongolero. Pofika mu 1967 galimoto iliyonse ya zaka 3 inkayenera kuyezedwa. Kuyeza utsi wa galimoto za petulo kunadzalowa mochedwa, mu 1991. Choncho galimoto ya malume ikanapita ku mayeso a 1960, palibe akanakanda mutu. Zimene zinawonjezedwa pambuyo pake n'zimene zinasokedwa pathupi pa injini ya mafuta.

Galimoto zamagetsi zimene anthu a ku Britain ankaziona tsiku ndi tsiku m'zaka zimenezo zinali tingolo togawa mkaka m'mamawa, toyenda pang'onopang'ono khomo ndi khomo. Lamulo linangozikhululukira galimoto zamagetsi zonyamula katundu kuti zisamayezedwe. Patapita zaka makumi angapo kunabwera maveni amagetsi othamanga ngati ena onse, n'kupeza khomo lija lili chitsegulire. Boma linachita kulitseka, ndipo pano chikhululukirocho chinatsalira okhawo olembetsedwa isanafike 1 Malichi 2015.

Kulemera nako kunabweretsa yake. Laisensi wamba ku Britain imalola munthu kuyendetsa galimoto yosapitirira matani 3.5. Batire ndi lolemera, ndiye veni yamagetsi yofanana msinkhu ndi ya dizilo inkadumpha malirewo n'kugwera m'gulu la malole. Mu 2018 boma linakweza malirewo kufika matani 4.25 kwa maveni otere, dalaivala akaphunzira maola 5 owonjezera. Komabe kumbali ya mayeso, maveniwo anapitiriza kwa zaka kutengedwa ngati malole, kuyezedwa akangotha chaka chimodzi m'malo mwa zitatu. Nkhani ya Walter Arnold yomwe ija, itangovala malaya ena.

Chondiseketsa kwambiri ndi phokoso. Kwa zaka zambiri malamulo ankalimbana ndi galimoto zosokosa. Yamagetsi itachuluka, vuto linatembenuka: ikamayenda pang'onopang'ono sikumveka, ndipo munthu wosaona kapena mwana amene akuwoloka msewu amadalira khutu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma mayiko a European Union analamula kuti ichi chokha chiziimba. Kuyambira mu Julayi 2019 mitundu yatsopano ya galimoto zamagetsi iyenera kukhala ndi kachipangizo kotulutsa phokoso ikamayenda mpaka makilomita 20 pa ola komanso ikamabwerera m'mbuyo.

Mwina mukuti, zonsezi n'za azungu, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza pawiri. Poyamba ndi ndalama za misewu. Kuno gawo lina la mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo limapita ku thumba lokonzera misewu, limene limayang'aniridwa ndi Roads Fund Administration. Malume akuyenda pa phula lomwelo, kugwera m'maenje omwewo, koma pa pampu saponyapo kanthu. Galimoto zotere zikali zochepa palibe angadandaule. Zikadzachuluka funso lidzabuka, monga linabukira ku Britain, komwe galimoto zamagetsi zinali zosalipira msonkho wapachaka mpaka pa 1 Epulo 2025. Tikapanda kukambirana msanga, wa minibasi ya dizilo ndi amene azidzakonzera msewu bwana wa galimoto yamagetsi.

Kachiwiri ndi zimene woyeza saziona. Pa galimoto yamagetsi yakale, chinthu chodula ndiponso chofunika kuposa zonse ndi batire. Leaf yoyamba, ya mu 2010, inatuluka ndi batire la 24 kWh, ndipo batire limafooka ndi zaka komanso kutentha. Ngakhale ku Britain, MOT siyeza kuti batire latsala ndi mphamvu zochuluka bwanji. Galimoto ikhoza kukhoza mabuleki, nyali ndi matayala, pepala n'kutuluka loyera, koma osatha kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza. Ife amene timagula galimoto zoti ena anazitopetsa kale, funso limeneli ndi lathu kuposa la amene anazipanga.

Mapepala a malume anatheka. Mnyamata uja anaimba mafoni awiri atatu, n'kupeza kuti pa zikalata zochokera ku Japan mphamvu ya galimotoyo inalembedwa mu kW. Sabata yotsatira tinapita nayo kwa makaniko wawo wakale kuti aione isanakayezedwe. Mkuluyo anagwada kumbuyo kwa galimoto, kusuzumira uku ndi uku, n'kudzuka akusasa fumbi m'mawondo.

"Achimwene, ekizozi ndiye palibedi. Nanga batireli tiliyeza ndi chiyani?"

Malume anandiyang'ana ine, wa ku yunivesite. Ndinalibe yankho, ndipo pa fomu panalibe kabokosi kake.