Madeira, Chilumba Chimene Alendo Ake Oyamba Anali Odwala

Chilumba cha Madeira, chimene chili m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa dziko la Morocco ngakhale ndi gawo la Portugal, chinalibe anthu pamene amalinyero João Gonçalves Zarco ndi Tristão Vaz Teixeira anakochezako mu 1419, ndipo dzina lake, lomwe m'Chipwitikizi limatanthauza matabwa, linachokera ku nkhalango yowirira imene iwo anaipeza. Chuma chachikulu choyamba chinali nzimbe, zimene zinkalimidwa ndi thukuta la akapolo ochokera ku zilumba za Canary ndi ku Africa, koma shuga wa ku Brazil atalanda msika, alimi anatembenukira ku mphesa, ndipo vinyo anakoka amalonda ambiri a ku Britain amene anakhazikika mu mzinda wa Funchal.

Amalonda amenewa ndiwo anafalitsa mbiri yakuti ku Madeira kulibe chisanu choluma ngakhale kutentha kowotcha, motero m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene chifuwa chachikulu chinalibe mankhwala, madokotala a ku Ulaya anayamba kutumizako odwala olemera kuti akapume mpweya wofunda kufikira nyengo yozizira itatha kwawo. Odwalawo ankachita lendi makwinta, omwe ndi nyumba zikuluzikulu zozingidwa ndi minda ya maluwa, ndipo popeza misewu inali yamiyala ndiponso yokwera mapiri, ofooka ankanyamulidwa m'nsalu yomangirira kumtengo umene amuna awiri ankasenza paphewa, monga momwe machila ankanyamulira azungu kuno m'masiku a atsamunda. Elisabeth, mfumukazi ya Austria, anafika mu 1860 akudandaula chifuwa, koma ambiri amene anabwera ndi chiyembekezo chonga chake sanabwererenso, ndipo mayina awo akadali pamiyala ya m'manda a Angelezi ku Funchal.

Hotela ya Reid's, imene inatsegulidwa mu 1891 pamwamba pa thanthwe loyang'ana nyanja, inasonyeza kuti anthu athanzi nawonso ayamba kubwera kudzangosangalala, makamaka chifukwa sitima zoyenda pakati pa Southampton ndi Cape Town zinkaima padoko la Funchal. Winston Churchill anagona kumeneko mu 1950 ndipo anajambula mudzi wa asodzi wa Câmara de Lobos, pamene bwalo la ndege lotsegulidwa mu 1964 linachititsa kuti ulendo umene unali wa olemera okha ufikirike kwa anthu wamba.

Chimene mabuku okopa alendo sachitchula mokwanira ndi chakuti zinthu zambiri zimene mlendo amazisirira lero zinabadwa m'mavuto a eni chilumba. Malevada, omwe ndi ngalande zopapatiza zotenga madzi kumpoto kwamvula kupita nawo kuminda ya kumwera, anasemedwa m'matanthwe ndi anthu amene nthawi zina ankalendewera pazingwe pamwamba pa maphompho, ndipo tinjira ta m'mbali mwake, timene alendo amayendamo tsopano podutsa m'nkhalango imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1999, tinali ta antchito oyang'anira madzi. Pa nthawi yomweyo imene olemera ankatsika sitima kudzafuna dzuwa, ana a alimi osauka ankakwera sitima kukafuna ntchito ku Venezuela ndi ku South Africa, kumene ambiri anakatsegula timasitolo ta zipatso ndi ndiwo zamasamba.