Zakale za ku Kafue

Anyamata ndi asungwana ambiri akatsiriza sukulu aganiza kuti mbiri iri m'mabuku mokha, ndi kuti zinthu zoyenera kuona ziri ku maiko akutali. Koma munthu wonyamuka ku Kafue Estates m'mamawa angathe kuona malo anai omveka m'mbiri ya dziko lathu, nabwerera kwao dzuwa lisanalowe.

Malo oyamba ndiwo mapiri a Munali, pa mseu wopita ku Mazabuka. Mu December 1855 David Livingstone anakwera mapiriwa pa ulendo wace wa ku Quelimane, ndipo ali pamwamba anapenya mtsinje wa Kafue. Munali ndilo dzina limene Akololo anampatsa. Pamalopo anaunjikapo miyala ya cikumbutso. Koma inu poima pamenepo mukumbukirenso amuna oposa 100 amene Mfumu Sekeletu anampatsa, ndi kapitao wao Sekwebu. Iwo ndiwo anasenza akatundu ndi kulankhula ndi eni midzi, ndipo popanda iwo mzunguyo sakadafika ku nyanja.

Malo aciwiri ndiwo ulalo wa njanji. Njanji itaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, amisiri anapeza kuti Kafue ndi mtsinje wotambalala, wosefukira m'dzinja. Cotero mu 1906 anamanga ulalo wa citsulo wa zigawo 13, utali wace mamita 427, ndipo unaposa maulalo onse a njanji ya Rhodesia. Njanjiyo inali kuthamangira mtobvu ndi nthale za ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe. Mudzi wa Kafue unakula cifukwa ca siteshoni, pakuti pamene sitima iima, pomwepo pafika wogulitsa ndi wofuna nchito.

Malo acitatu ali pa mseu waukuru, pamene galimoto zioloka mtsinje. Kale anthu ndi galimoto zao anali kuoloka pa pantuni. Mu 1949 a Beit Trust anaikapo ulalo wa citsulo umene poyamba unaima pa mtsinje wa Thames ku London. Citsulo cimene cinasenza Angerezi cinadzasenza cimanga ndi ng'ombe za Atonga. Ulalo watsopano, umene Japan anathandiza kumanga, unatsegulidwa mu 1993.

Malo acinai ndiyo sukulu ya anyamata ya Kafue. A Misyoni ya Primitive Methodist anaiyamba mu 1918, mtsogoleri wao ndiye Mbusa John Fell, kuti aphunzitse aphunzitsi ndi nchito za manja. Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira pamenepo, ndipo mu 1951 anakhala mtsogoleri wa Congress, imene inalimbana ndi Federation.

Tsono nanga Estates imene? Nayonso ndi mbiri. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linafuna kuti tidzipangira tokha nsaru ndi feteleza, tisadaliranso za kumwera. Linamanga Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals, imene inayamba nchito mu 1970, pamodzi ndi nyumba za anchito. Anthu anabwera kucokera ku Chipata, ku Kasama ndi ku Mongu, nakhala mudzi umodzi. Makina a nsaru anadzaima, ndipo mabanja ambiri anaona njala, koma nyumba zija ziri ciriri.

Miyala ya pa Munali ndi citsulo ca ulalo zidzakhalitsa, koma anthu amene anaomba nsaru zoyamba alikutha caka ndi caka, ndipo maina ao sanalembedwe pa mwala uli wonse. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera kwa iye yekha amene anawamva. Cifukwa cace mukabwerako ku maulalo, tengani cholembera ndi kabuku, mukakhale pa khonde la agogo a nyumba yoyandikana nanu, muwafunse caka cimene anafika, nchito imene anagwira, ndi malipiro ao oyamba.