Mbiri ya Kafukufuku wa Minofu ya m'Kholingo

Ife aphunzitsi a Cinyanja timauza ophunzira kuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa kakwezedwe ka liwu, koma kaŵirikaŵiri sitifotokoza cimene cimakweza liwulo. Yankho lake linapezeka pang'onopang'ono, m'maiko akutali.

Ku Roma, m'zaka za m'ma 100, sing'anga Galen anadula mitsempha ya m'khosi mwa nkhumba yamoyo. Nkhumbayo inaleka kulira ngakhale inali kupumabe, ndipo zinadziŵika kuti ubongo ndiwo umalamulira minofu ya m'kholingo. Mu 1741 Antoine Ferrein wa ku France, poyesa makholingo a mitembo, anapeza kuti mpweya ukamadutsa, timinofu tiŵiri timanjenjemera ngati nsambo. Mu 1854 Manuel García, mphunzitsi wa nyimbo, anaona kholingo lake lomwe likugwira nchito, mothandizidwa ndi akalirole aŵiri ndi kuwala kwa dzuŵa.

Lero tidziŵa kuti mnofu wochedwa cricothyroid ukakoka, timinofu tija timatalika ndi kukungika, liwu n'kukwera. Cotero kakwezedwe ka liwu, kamene malembedwe athu sasonyeza, ndi nchito ya mnofu imene mwana amaiphunzira asanayambe sukulu. Tiyenera kuiphunzitsa pamodzi ndi galamala.